Mchere Umene Ndinawadyetsa a Safdar

Loweruka, 5 mwezi wa Aban

Andigoneka lero. Tuba, mkazi wanga, wandigulira kope ili kuti ndizilembamo zimene adokotala akunena, chifukwa akuti ine ndikamva mawu amodzi kunyumba ndimafika nawo khumi. Sakunama. Ine ndine Ghodrat wa mavwende, mzinda wonse wa Shiraz umandidziwa. Zaka makumi atatu pa galimoto yabuluu ndi chimkuzamawu. Ndikakuwa kuti ofiira ngati magazi, otsekemera ngati uchi, anthu a ku Bushehr kunyanja uko amatuluka m'nyumba kuyang'ana galimoto. Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, aphunzitsi analibenso choti n'kundiuza.

Matenda ndi awa: zotupa zitatu m'khosi, chimodzi m'khwapa chachikulu ngati dzira la nthiwatiwa. Tuba akuti la nkhunda. Khanum Dokotala Rastegar, kamayi kakafupi koti kangalowe m'thumba la jekete langa, akuti ndi khansa ya m'mwanabele. Akuti mtundu umenewu umamva diripi ukaupeza msanga. Koma diripiyo imadutsa m'chiwindi, ndipo chiwindi changa sichili bwino. Nambala yake iyenera kukhala pansi pa 40, yanga ili pa 170. Ikatsika andiika diripi. Ikapanda kutsika palibe diripi, ndipo zotupa sizidikira munthu. Ndawauza kuti ine chilichonse changa chimakhala chokwera kuposa cha anthu wamba. Sanaseke.

Andifunsa ngati ndikumwa mankhwala ena alionse. Ndati ayi. Sindinaname kwenikweni. Za m'fulasiki si mankhwala, ndi tiyi wa a Dadash.

Lamlungu, 6 Aban

Bedi ndi lalifupi, mapazi anga agona m'wodi ya amayi.

Za fulasikiyo ndilembe bwino. A Dadash Heshmat ndi achimwene anga aakulu. Bambo atamwalira ndinali kamwana, a Dadash ndiwo anandilera, anandigulira galimoto yoyamba, anakandifunsirira Tuba. Mpaka lero sinditambasula miyendo iwo ali pompo, fodya sindisuta akuona. Ali ndi sitolo ya zitsamba kumsika, ndipo munthu akangolowa pakhomo amadziwa kale chimene chikumudya. Iwo akuti matenda anga ndi a kuzizira. Vwende ndi chakudya chozizira, ine ndadya mavwende osweka otsala pa galimoto zaka makumi atatu, ndiye magazi aundana m'khosi. Chozizira chimathawa chotentha. Andikonzera mizu yamitundumitundu, makungwa, nthanga zowawa, ndi kaufa kena kamene dzina lake sauza ngakhale mkazi wawo. Kapu m'mawa, kapu madzulo. Ndinayamba chilimwe chikutha. Kuwawa kwake kukhoza kudzutsa maliro ali kale m'manda.

Anandilangiza kuti madokotala asadziwe. Akuti amadana ndi ogulitsa zitsamba chifukwa amawalanda odwala, ndipo akamva amatumiza a boma kukatseka sitolo.

Bedi la kumanzere kwanga kuli Agha Safdar, mkulu woweta mbuzi wa kumapiri a ku Yasuj. Matenda awo ndi anga omwewa, koma iwo alandira kale diripi kawiri. Mutu uli mbee, nsidze palibe, ndevu za pamlomo palibe. Ndawagogoda pamutu ndi chala monga ndimachitira poyesa vwende, ndatchera khutu, ndati ili ndi losapsa, libwezeni kumunda. A m'mabedi ena awiriwo aseka mpaka wina anayamba kutsokomola. Agha Safdar anangokoka bulangeti.

Lachiwiri, 8 Aban

M'mawa uliwonse kusanayere namwino amabwera kudzatenga magazi. Atenga kale odzaza ndowa ziwiri. Kenako kuyeza kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, kapiritsi koyera ka chiwindi, ndiye tiyi wa kuchipatala, madzi amene anangomvako mbiri ya tiyi. Lero anandilowetsa m'chimakina chojambula m'mimba. Wojambulayo sananene kanthu, koma ndinaona kuti wadabwa ndi kukongola kwa zam'kati mwanga.

Nambala: 210. Khanum Dokotala akuti ayeza matenda onse a chiwindi amene amawadziwa, sanapeze ngakhale amodzi. Akuti sakumvetsa. Ndawauza asadandaule, si iwo oyamba kulephera kundimvetsa.

Agha Safdar alandira diripi yachitatu, madzi ofiira ngati a makangaza. Masana onse akhala akusanza m'beseni, ine ndikulengeza mokweza ngati uja wa mpira pa wailesi. Tuba anabwera ndi mpunga wa kabichi ndi timibulu ta nyama. Ndinawaitana Agha Safdar kuti adye nane, anakana ndi mutu. Ndiye ndinakupizira fungo kubedi kwawo ndi chivundikiro cha poto. Tuba anandiuza kuti ndichite manyazi, munthu amene uja ndi msinkhu wa bambo ake. Ine ndinangopotokola ndevu kuti mkuluyo akumbukire mmene zimaonekera.

Kunena zoona diripi imeneyo sindikuifulumirira. Ndevu izi ndazisunga chikwatire.

Lachinayi, 10 Aban

Ndinali kuthira kapu ya m'mawa pamene Agha Safdar, amene chibwerere ine sanandiyankhulepo, anatembenuka. Anati fungo limenelo akulidziwa. Mkazi wawo, Mulungu amuchitire chifundo, anali ndi chotupa cha m'bere, ndipo msuweni wina anamubweretsera botolo la fungo lomweli kuchokera m'tauni. Anamwa mwezi ndi theka. Maso anachita chikasu, mimba inatupa, anamuika m'manda nyengo yozizira isanathe.

Ndinawauza kuti kwawo kumapiri amawiritsa ndowe za mbuzi, asayerekeze ndi za a Dadash, amene anthu akuluakulu amakwera ndege kuchokera ku Tehran kudzawafuna.

"Agha Ghodrat," anatero, "mwandiseka chibwerere, zimenezo ndi za inu ndi Mulungu. Koma Loweruka adokotala akabwera ndiwauza. Sindifuna kuonanso munthu akusanduka chikasu pafupi ndi ine."

Ndinaseka. Koma masana ndinaganiza za sitolo ya a Dadash itatsekedwa, anthu a kumsika akuloza, ndipo wochititsa ndi ine, mwana amene anamulera. Ndinamuimbira Tuba foni kuti mawa abwere ndi buledi wotentha, tchizi, nkhaka ndi mchere. Anthu a kumapiri ndimawadziwa, ndagulitsako mavwende. Munthu wa kumeneko akadya buledi ndi mchere wako sangakupereke kwa munthu aliyense, ngakhale umuwotchere nyumba. Tsopano ndazindikira chifukwa chake mkuluyu wakhala akukana chilichonse cha m'mbale mwanga.

Lachisanu, 11 Aban

Tsiku la alendo. Wodi inadzaza ngati basi ya kumudzi. Anabwera a Dadash ndi akazi awo, Tuba, ndi abale a m'mabedi enawo ndi maluwa awo ndi zipatso za m'zitini. Kwa Agha Safdar sikunabwere munthu, kwawo ndi kutali.

Tuba anayala nsalu pabedi. Ndinanyema buledi, ndinaikapo tchizi ndi nkhaka, ndinathira mchere wa dzanja lodzaza. Diripi yawasiyira Agha Safdar zilonda m'kamwa monse, masiku ano amangomwa chambiko ndi supuni yaing'ono. Ndinkadziwa.

Ndinawapatsa. Anati zikomo, adya kale. Ndinawapatsanso. Anaika dzanja pamtima, anati Mulungu achulukitse, koma sangathe. Apo ndinamupatsa Tuba buledi uja kuti awatambasulire ndiye, iye osadziwa kanthu, ndipo ndinakweza mawu a pa galimoto aja kuti wodi yonse imve.

"Pali moyo wa ana anga, Agha Safdar, mukakana ndiye kuti mukunena kuti dzanja la mkazi wanga ndi lodetsedwa."

Wodi yonse inatembenukira kwa mkuluyo. Tuba ali chiimire, dzanja lili m'malere. A Dadash nawonso anathandizira, anati idyani Agha, musatichititse manyazi pamaso pa anthu. Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analandira ndi manja awiri, anatchula dzina la Mulungu, anadya. Anatafuna pang'onopang'ono, misozi ikuyenderera pamasaya opanda ndevuwo. Ndinauza alendo kuti onani, kuphika kwa Tuba kumaliza amuna. Ena anaseka. Kansalu kamene anapukutira pakamwa kanali ndi magazi.

Alendo atapita ndinawakumbutsa kuti adya buledi wanga ndi mchere wanga anthu akuona. Anati akudziwa, ankadziwa asanatsegule n'komwe pakamwa. Anatembenukira kukhoma.

Nzeru ngati izi kusukulu saphunzitsa.

Loweruka, 12 Aban

Nambala: 340.

Khanum Dokotala anabwera nkhope ili gwa. Anandifunsanso, ulendo uno akutchula chimodzichimodzi: zitsamba, mizu, ufa, mafuta, madzi a masamba, chilichonse cha kumsika. Ndinaika dzanja pamtima. Maso awo anagwera pa fulasiki pakabati, anafunsa kuti muli chiyani. Ndinati tiyi wa mkazi wanga, Khanum Dokotala, ndikuthirireni kapu? Anakana monga munthu aliyense wolemekezeka amakanira koyamba. Ine sindinabwereze kachiwiri. Nkhope yanga inali ya mwana wakhanda.

Kenako anatembenukira kumanzere. Anati Agha Safdar, inu mumakhala naye tsiku lonse munthu uyu, mwaonapo akumwa china chake?

"Ine ndimagona kwambiri, Khanum Dokotala," anatero mkuluyo.

Ndikanatha kumupsompsona pamutu pake poti mbee paja.

Adokotala anandipapasa m'khosi. Akuti zakula, ndipo chatuluka china m'mphechepeche. Awonjezera kapiritsi kachikasu ndi botolo la madzi a shuga pamkono. Akuti nthawi si yathu.

Lolemba, 14 Aban

Thupi lonse likuyabwa, ndakanda mpaka zikhadabo zafupika. Mkodzo uli ngati tiyi wa madalaivala a malole. M'mawa ndinadziyang'ana pagalasi la kuchimbudzi, maso achita chikasu.

A Dadash ataona anasangalala mpaka anandimenya paphewa. Akuti kuzizira kuja kwayamba kutuluka, kumatulukira m'maso, ndi mmene zimakhalira. Tsopano ndi nthawi yoti tikuthamangitse, kapu zitatu pa tsiku. Akuti kumsika akuuza aliyense kuti madokotala alephera mng'ono wawo koma iwo akumuchiza ndi fulasiki imodzi, ndipo amayi awiri agula kale za amuna awo. Dzina langa akuti lakwera kuposa nthawi ya mavwende.

Ndinawafunsa Agha Safdar ngati anaonapo munthu wa maso agolide. Anangokoka bulangeti. A m'mabedi enawo sasekanso kwambiri masiku ano, anthu odwala nthabwala samva.

Lachitatu, 16 Aban

Nambala: 620.

Mpunga wa Tuba ndaubweza osaukhudza, koyamba chikwatire. Mimba yokha ndiyo ikunenepa, yatupa ngati vwende la mpikisano. Ndaigogoda, ikumveka yakupsa. Miyendo yasanduka mapesi.

Kapu ya m'mawa sindinamwe. Ndinangoiyang'ana fulasikiyo, ndinakumbuka mkazi wa Agha Safdar amene sindinamuonepo. Masana a Dadash anabwera, ananyamula fulasiki, anaigwedeza pakhutu. Munthu wa sikelo amadziwa kulemera ndi dzanja. Sanakalipe. Anakhala pampando, anandionetsa zikhatho zawo.

"Ghodrat, manja awa ndiwo anakusambitsa uli ndi chikuku. Lero ukuganiza kuti angakupatse chiphe?"

Ndinamwa kapu ziwiri pamodzi, ya m'mawa ndi ya masana. Akuti kuyambira mawa azitseka sitolo m'mawa ndi madzulo kudzandimwetsa okha, ndipo adokotala akamayendera odwala aziima pompo, chifukwa mkulu wa banja ndi iwo.

Lachinayi, 17 Aban

Masana a m'mabedi enawo anapita kukajambulidwa, tinatsala awiri. Ndinayamba ndi nthabwala monga mwa nthawi zonse, ndinati mutu wawo wayamba kumera timaudzu. Kenako ndinati za mchere zija zinali zocheza chabe, anthu a m'tauni sitiwerengera zimenezo. Ngati akufuna kuuza adokotala ine sindikwiya. Angowauza ine ndili kuchimbudzi, kuti a Dadash aziti wanena ndi munthu wakunja, osati ine.

Anakhala tsonga, zimene sachita kawirikawiri. Anati ndiye mukufuna ine ndinyoze mchere umene ndinadya, ndikafe ndi dzina loipa, kuti inu nkhope yanu ikhale yoyera kwa achimwene anu. Ndinati musakulitse nkhani, ndi mawu awiri okha.

"M'kamwa mwanu mulibe zilonda, Agha Ghodrat. Mawu anu mukuti amafika kunyanja. Chipinda cha adokotala chili apa pakhonde."

Ndinawatchula mbuzi yokalamba, dzira lowola, ndi zina zimene sindilemba chifukwa Tuba adzawerenga. Anagonanso.

Madzulo ndinadzikoka ndikugwira khoma mpaka pakhomo la adokotala. Anali mkatimo, ndinkamva akuyankhula pa foni. Dzanja ndinakweza kuti ndigogode. Pomwepo ndinaona a Dadash akutulukira pamasitepe, thukuta lili kamukamu, bondo lawo lodwala akulikoka, fulasiki ataikumbatira ngati mwana. Makina okweza anthu anawonongeka, ndiye iwo anakwera wapansi nyumba yonseyi chifukwa cha ine. Anafunsa kuti ndikutani pamenepo. Ndinati ndikuwongola miyendo.

Loweruka, 19 Aban

Nambala: 880. Khanum Dokotala anafunsanso funso lawo lija. A Dadash anayankha ndisanatsegule pakamwa, anati mwana uyu ndamulera ndine, samwa kanthu kopanda ine kudziwa. Zimenezo ndi zoona.

Agha Safdar atuluka lero. Zotupa zawo zaphwa, adzabweranso diripi yotsatira ikakwana. Mwana wawo anabwera kudzawatenga, chimunthu chachitali chonunkha utsi. Mkuluyo anavala chipewa chake, anatsanzika a m'mabedi enawo mmodzimmodzi. Atafika pa ine anaima, dzanja pamtima, anati Mulungu akusungeni. Ndinati vwende lapsa, alitenga ogula. Palibe anaseka.

Bedi lawo alichotsa nsalu.

Lamlungu, 20 Aban

Manja akunjenjemera, cholembera chikuthawa. Kapu zitatu. Namwino wamwamuna ndamutchula Tuba. Tulo masana onse.

Lachinayi, 24 Aban

Ndabwerera kuwodi. Akuti ndinali m'chipinda cha makina cha odwala kwambiri, sindikukumbuka kanthu. Namwino akuti ndinkagulitsa mavwende kwa madokotala, ndikuwauza kuti akapeza loyera mkati abweze. Ngakhale nditakomoka malonda sindisiya.

Posamutsa katundu wanga namwino anatsegula fulasiki kuti aitsuke. Fungo linamufikitsa kwa adokotala akuthamanga.

Khanum Dokotala anabwera lero, anakhala m'mphepete mwa bedi. Bola akanakalipa. Anayankhula motsitsa, Tuba ali pompo, ndipo ndilemba monga ananenera osawonjezera. Chiwindi chapsa kwambiri, nambala inafika 1100. Zotupa zafika m'chifuwa. Diripi yonse ija akandiika lero ikhoza kundipha. Kanjira katsala kamodzi, kakang'ono: ndikhale muno masabata angapo, za m'fulasiki ngakhale dontho ayi, aone ngati chiwindi chingadzuke. Chikadzukako pang'ono ayesa diripi yofooka. Salonjeza kanthu. Akuti ndikananena tsiku loyamba lija, bwenzi pano tikukamba zina.

Anafunsa amene anandipatsa. Ndinati ndinagula ndekha kwa munthu wodutsa pamsewu, dzina sindimudziwa. Anandiyang'ana, sanafunsenso. Auza alonda a pachipata kuti fulasiki iliyonse yobwera kwa ine azitsegula.

Ndawauza kuti ndikhala. Tuba anagwira mkono wa adokotala.

Lachisanu, 25 Aban

A Dadash abwera chimanjamanja, ndipo anakana kukhala pansi. Akuti mlonda anawapapasa pachipata ngati wakuba, pamaso pa anthu, iwo munthu amene anapita ku Makka. Akuti chipatala chino ndicho chandiwononga chiwindi ndi mapiritsi ake ndi madzi ake a shuga, pa nthawi yeniyeni imene kuzizira kunali kutuluka, ndipo tsopano akufuna kukankhira mlandu pa zitsamba. Sandisiya muno kuti andimalize.

Auza kale msewu wathu wonse kuti Ghodrat wachira, akubwera mawa. Agula nkhosa yaikulu, ili yomangirira pachipata changa. Wopha nyama amupangana, miphika abwereka, a kumsika onse awaitana.

Tuba anayesa. Anati kwa a Dadash, Haj Agha, adokotala akuti akakhala muno mwina. Sanamalize. A Dadash anamuuza kuti amuna akamayankhula mkazi amathira tiyi, ndipo asaiwale kuti chambiko ndi nkhaka zimene wandidyetsa zaka zonsezi ndi zozizira zokhazokha, matendawa anayambira m'khitchini mwake. Tuba anaweramitsa mutu. Ine ndinayang'ana kudenga.

Ndinati Dadash, mwina sabata imodzi yokha.

"Chabwino. Ndipite ndikauze anthu kuti Heshmat ndi wabodza, wapha mng'ono wake. Nena, ndipita pompano."

Sindinanene.

Loweruka, 26 Aban

Nambala yatsika. 900. Koyamba chibwerere ine muno. Khanum Dokotala anabwera nayo okha akufulumira, anati mwaona, chiwindi chikufuna kudzuka, chipatseni mpata. A Dadash anali ataima pakhomo ndi jekete langa pamkono.

Adokotala sanawayang'ane n'komwe. Anati Agha Ghodrat, thupi ndi lanu, ndikufunsa inu. Mukhala kapena mupita?

Ndinati Khanum Dokotala, nkhosa yagulidwa kale. Anati nkhosa ikhoza kudya udzu mwezi umodzi, siidandaula. Ndinaseka, inali nthabwala yawo yoyamba ndipo inali yabwino. A Dadash sanaseke. Anangosuntha jekete kuchoka mkono uwu kupita mkono uwo.

Ndinati zimene anena a Dadash.

Adokotala anaima pang'ono, kenako anatuluka osatsanzika. Namwino wabwera kudzachotsa singano pamkono.

A Dadash andilongosolera za kunyumba. Galimoto iima patali pang'ono kuti anthu andione ndikuyenda. Nditsike ndekha, wina asandigwire. Nkhosa akaipha ndidumphe magazi ndi mwendo wamanja, ndipo ngati ndingathe ndikuwe kamodzi monga pa galimoto, anthu akonde. Jekete ndimange mabatani kuti mimba isaoneke. Fulasiki yatsopano ili m'galimoto, akuti iyi ndi yamphamvu kuposa ija.

Ndayesa kuyenda kuchoka pabedi mpaka pakhomo. Ndafika, koma pobwerera Tuba wandigwira.

A Dadash aganizira kale za maso anga achikasuwa. Andigulira magalasi akuda, a chitsulo chonyezimira m'mbali. Ndavala. Ndamufunsa Tuba kuti ndikuoneka bwanji, wati ngati munthu wa m'kanema. Wanena akupinda zovala zanga, atandifulatira.